Chiperoni cha m'mutu: si chitaka, si ulesi

Alamu anga amagulitsa kaunjika mu msika wa Limbe. Kale anali mayi wosafuna kope. Ngongole za makasitomala makumi awiri ankazisunga m'mutu, ndipo mwezi ukatha ankadziwa amene wapereka, amene wapereka theka, ndi amene wayamba kulambalala benchi yawo. Belo akalimasula m'mawa, pofika masana amakhala atadziwa kale kuti malaya abwino alimo angati ndiponso kuti mpamba ubwerera liti.

Zaka zitatu zapitazo msana unayamba kuwavuta. Poyamba ankati n'chifukwa chosenza mabelo. Kenaka ululu uja unakwera m'mapewa ndi m'khosi, n'kutsikiranso m'miyendo, mpaka thupi lonse linkamveka ngati lamenyedwa ndi zibonga. Tulo ankagona tadukizadukiza, ndipo kukacha ankadzuka otopa kuposa m'mene anagonera. Zonsezi anazipirira, poti mayi wa geni akagona pamphasa ana agona ndi njala.

Chimene sanathe kupirira n'chakuti ndalama zinayamba kuperewera. Madzulo akawerenga, K4,000 palibe. Mawa lake K7,000. Anzawo a mumsika sanachedwe kupeza yankho: ndi chitaka ichi, mayi, wina akukutamani. Alamu anayamba kupatula ndalama ya kasitomala aliyense wachilendo, osaiphatikiza ndi zinzake. Ndalama zinapitirira kusowa. Ndiye diso linagwera pa mtsikana amene ankawathandiza pa benchi, mwana wa achemwali awo enieni. Mwanayo analira, nalumbira, koma anamukweza basi kubwerera kumudzi ali ndi dzina la wakuba.

Patangopita sabata ziwiri, mayi wina wachilungamo anabwerera pa benchi paja. "Mayi, mwandipatsa chenje kawiri." Anali atagula malaya a K3,500 ndi K5,000, ndipo alamu anga anamupatsa K1,500, n'kutembenuka kuyankha munthu wina, n'kumupatsanso K1,500 ina. Iwo sankakumbukira n'komwe. Tsiku lomwelo anaima kwa ejenti wa ndalama za pafoni mphindi zingapo, nambala yawo yachinsinsi, imene akhala akuigwiritsa ntchito zaka ndi zaka, itawathawa. Usiku anandiuza mawu amene sindinawaiwale: "Alamu, m'mutu mwangamu muli chiperoni. Ndikuona kuti njira ilipo, koma sindikuiona bwino."

Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu a chiperoni chotere ndi ambiri m'misika, m'maofesi ndi m'makalasi mwathu, ndipo mayina amene timawapatsa ndi atatu: waulesi, wolodzedwa, kapena wayamba kuzungulira mutu. Onse atatu ndi olakwa. Madokotala amalidziwa vutoli. Pa Chingerezi amati brain fog, kutanthauza nkhungu ya mu ubongo, ndipo limayenda limodzi ndi ululu wokhalitsa komanso matenda otopetsa thupi kwa nthawi yaitali.

Kodi ululu wa msana ungalowe bwanji m'masamu a chenje? Nkhani yake ili motere. Ubongo uli ndi kamalo kakang'ono komwe umaikapo zinthu zimene ukugwira ntchito nazo nthawi yomweyo. Tikayerekeze ndi benchi ya wogulitsa tomato: katundu wambiri ali m'madengu pansi, koma pamwamba pamakwana milu yowerengeka chabe. M'chaka cha 1956 katswiri wina wa ku America, George Miller, analemba kuti munthu amatha kugwira zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, ndipo ofufuza a pambuyo pake anati mwina n'zinayi zokha. Pamene mukubweza chenje, pa benchi imeneyi pali mtengo wa malaya, ndalama imene mwalandira, yotsala, ndi funso la kasitomala wina amene akukufunsani mtengo wa siketi. Benchi yadzaza kale.

Tsono ululu ndi kasitomala wamwano amene sadziwa kuima pa mzere. Unalengedwa kuti uzisokoneza. Mukaponda khala la moto, simufunika kumaliza kaye chiganizo chimene mumanena. Ululu umalanda maganizo onse kuti muchotse phazi. Zimenezi n'zabwino ngati ululuwo ndi wa mphindi imodzi. Koma ukakhala wa miyezi, umakhala pa benchi paja tsiku lonse, ndipo malo a mtengo wa malaya ndi chenje amachepa. Chinthu chimene sichinakhale bwino pa benchi sichilowanso m'dengu. N'chifukwa chake alamu anga sankakumbukira kuti apereka kale chenje. Sikuti anaiwala ayi. Nkhaniyo sinalembedwe n'komwe m'mutu mwawo.

Izi si zongoganiza ine. M'chaka cha 2001 ofufuza a pa yunivesite ya Michigan, motsogozedwa ndi Denise Park, anayesa anthu odwala fibromyalgia, nthenda ya ululu wa thupi lonse yofanana ndi imene alamu anga anadzauzidwa kuti ali nayo. Anapeza kuti pa mayeso okumbukira mawu ndi kugwira zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi, odwalawo ankakhoza ngati anthu owaposa ndi zaka 20. Mayi wa zaka 40 akulimbana ndi masamu ngati wa zaka 60. M'chaka cha 2004 gulu la Vania Apkarian ku Chicago linajambula ubongo wa anthu a msana wokhalitsa, n'kupeza kuti mbali zina za ubongo wawo zinali zopyapyala poyerekeza ndi za anthu opanda ululu. Nkhani yoopsa, eti? Dikirani kaye. M'chaka cha 2011 ofufuza a pa yunivesite ya McGill ku Canada anajambulanso odwala msana patapita miyezi isanu ndi umodzi chilandirire chithandizo, ndipo mwa amene ululu unachepa, mbali ya ubongo ija inali itayamba kubwerera mwakale. Apa ndiye pali kusiyana ndi matenda oiwala a ukalamba aja, amene amangopitirira kulowa pansi. Chiperoni chimabwera n'kupita. Tsiku limene munthu wagona bwino ndipo ululu wachepa, mutu umayera. Komanso wachiperoni amadziwa yekha kuti akuiwala, amadandaula, ndipo mukamukumbutsa amati, "Eya, zoonadi."

Wakuba wachiwiri ndi tulo. M'zaka za m'ma 1970 dokotala wina wa ku Toronto, Harvey Moldofsky, anatenga anthu abwinobwino n'kumawasokoneza ndi phokoso nthawi iliyonse akalowa m'tulo tofa nato. Patangopita masiku ochepa anthu aja anayamba kudandaula kuphwanya kwa thupi, ndipo atawasiya kuti agone mwamtendere, ululu unatha. Taonani m'mene msampha wake ulili: ululu umadula tulo, kusowa tulo kumawonjezera ululu, ndipo ndi m'tulo momwemo m'mene ubongo umalongedza zimene munaphunzira masana. Wophunzira amene wawerenga mpaka 2 koloko ya usiku mutu ukuwawa, n'kugona maola atatu, ali ngati munthu wotunga madzi ndi dengu.

Ululu wokhalitsa si nkhani ya anthu owerengeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi vuto la msana, ndipo palibe nthenda ina imene imalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa imeneyi. Kuyambira mu 2022 buku la bungweli la mayina a matenda limawerengera ululu wopitirira miyezi itatu ngati nthenda payokha, osati chizindikiro chabe. Ganizirani a kabaza, amayi osenza madengu, atelala okhala chiweramire pa makina, a mutu waching'alang'ala, a nyamakazi, ndi amene mapazi amawayaka moto chifukwa cha shuga. Onsewa ali ndi kasitomala wamwano uja pa benchi.

Palinso gulu lina limene vuto lawo lalikulu si ululu koma kutopa, ndipo mbiri yawo ndi yomvetsa chisoni. M'chaka cha 1955 ogwira ntchito pafupifupi 300 a pa chipatala cha Royal Free ku London anadwala nthenda yachilendo: kufooka, kuwawa kwa minofu, mutu, ndi kusokonekera kwa maganizo. Chaka chomwecho anamwino a pa chipatala cha Addington ku Durban anadwala mofananamo. Nthendayi inapatsidwa dzina lalitali la myalgic encephalomyelitis, mwachidule ME, ndipo mu 1969 WHO inaiika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha. Koma mu 1970 madokotala awiri a matenda a maganizo ku Britain, osaonana ndi odwalawo koma kungowerenga mafayilo awo, analemba kuti zinali zongotengerana mantha. Chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti ambiri mwa odwalawo anali akazi. Abale, kunyoza matenda a amayi sikunayambe kwathu kuno.

Ku America, mu 1988, anaipatsa dzina lakuti chronic fatigue syndrome, kutanthauza kutopa kosatha, ndipo manyuzipepala a kumeneko ankaiseka kuti ndi chimfine cha achinyamata olemera. Dzina lakuti kutopali ndi limene linawapweteka odwala, chifukwa ndani satopa? Zinatenga mpaka 2015 kuti bungwe la akatswiri la Institute of Medicine ku America linene mosabisa kuti iyi ndi nthenda yeniyeni ya m'thupi, n'kuika kuvutika kuganiza ndi kukumbukira pakati pa zizindikiro zake zikuluzikulu.

Chizindikiro chake chodabwitsa ndi ichi, ndipo ophunzira amvetsetse pano. Wodwala ME akadzikakamiza, thupi silimulanga nthawi yomweyo. Limadikira maola 12 mpaka 48, kenaka limamugwetsa masiku angapo. Ndipo kudzikakamizako si kulima kapena kuthamanga kokha. Kuwerenga buku maola awiri, kulemba mayeso, ngakhale kucheza pa maliro, kungathe kumugoneka. Anthu amamuona Loweruka akuseka pa chinkhoswe, Lolemba n'kumva kuti walephera kudzuka, ndiye amati akunamizira. Sadziwa kuti Lolembalo akubweza ngongole ya Loweruka, ndipo ngongole yake ndi ya katapila.

Ambiri a ife tinaidziwa nkhungu imeneyi chifukwa cha Covid-19. Nthendayi inapezeka koyamba m'Malawi mu April 2020, ndipo mu January 2021 inatilanda nduna ziwiri tsiku limodzi. Maliro tinawawerenga, koma amene anachira n'kutsala ndi mutu wolemera sitinawawerenge. Mu October 2021 WHO inafotokoza vuto la anthu amene patapita miyezi itatu chidwalire amakhala akadali ndi zizindikiro, ndipo zitatu zimene inazitchula patsogolo ndi kutopa, kubanika, ndi kuvutika kuganiza. Ndikudziwa mnyamata wina wa Fomu 4, mwana wa neba wathu, amene ankakhala nambala wani kapena thu m'kalasi. Atadwala chimfine chachikulu chaka chimenecho, ankawerenga tsamba limodzi kanayi osatolapo kanthu. Bambo ake anati wayamba chamba. Aphunzitsi anati wayamba zibwenzi. Mwanayo ankangoti, "Ndikuwerenga koma sizikulowa," ndipo palibe anamukhulupirira. Mayeso a MSCE anadzawalemba chaka chotsatira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife timafuna kuti ayambe watisonyeza chilonda.

Apa ndiye pagona vuto lonse. Ife timakhulupirira nthenda imene ikuoneka: bala, chotupa, kuwonda, kutentha thupi. Munthu akapita ku chipatala, n'kumuyeza malungo osawapeza, amabwerera ndi panado ndi mawu akuti "mulibe vuto." Kunyumba amamva kuti "a dokotala sanapeze kanthu," ndiye njira yotsala ndi ya kwa sing'anga kapena kwa mneneri, kumene yankho silisowa, ndipo kawirikawiri yankholo limakhala dzina la mbale wako. Fibromyalgia ndi ME sizioneka pa kuyeza magazi kwa masiku onse. Dokotala amazizindikira pomvetsera nkhani ya wodwala ndi pochotsa matenda ena amene amafanana nazo. Kumvetsera kumafuna nthawi, ndipo dokotala amene ali ndi mzere wa anthu 100 panja nthawi imeneyo alibe. Sindikumuimba mlandu. Ndikungonena kuti mawu akuti "sitinapeze kanthu" ndi akuti "simukudwala" ndi osiyana.

Komabe ndisakupusitseni kuti aliyense woiwalaiwala ali ndi matenda a mayina aatali awa. Kwathu kuno pali zifukwa zina zofala zedi, zambiri zochizika, zimene ziyenera kufufuzidwa poyamba. Kuchepa kwa magazi, makamaka kwa amayi ndi atsikana, kumabweretsa kutopa ndi mutu wolemera. Shuga, vuto la chithokomiro, HIV yosadziwika kapena yosalandira mankhwala bwino, chifuwa chachikulu, ndi mowa, zonsezi zimatha kuchita chimodzimodzi. Nkhawa ndi matenda okhumudwa nazo zimadya malo pa benchi paja. Munthu amene ali ndi ngongole ya banki m'khonde imene sakudziwa kuti aibweza bwanji sangawerenge bwino chenje. Choncho mukapita ku chipatala musangoti "thupi likuphwanya." Nenani kuti zayamba liti, tulo mukugona bwanji, mukuiwala zotani, ndipo funsani ngati angakuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga ndi HIV. Koma ngati kusokonekera kwabwera mwadzidzidzi, pakamwa papindika, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, mawu akukanika kutuluka, munthu wakomoka kapena watentha thupi khosi litauma, chimenecho si chiperoni. Thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Wakuba wachitatu timamugula tokha ndi ndalama zathu. Munthu wa ululu wa tsiku ndi tsiku amakhala ndi kathumba ka mapiritsi, ambiri ogula pa golosale kapena kwa mavenda. Tramadol ndi codeine amachepetsa ululu koma amalemeretsa mutu, ndipo thupi limawazolowera. Piritoni, amene ambiri amamwa kuti apeze tulo, amasiya munthu ali mbuu mpaka m'mawa. Amitriptyline, amene madokotala amapereka pa ululu wa mitsempha, amathandiza ambiri koma naye amagonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku ndiponso pa mlingo wochepa. Bufeni ndi indosidi akamwedwa miyezi ndi miyezi angathe kukanda chifu mpaka kumataya magazi pang'onopang'ono, ndiye munthu amawonjezera kuchepa kwa magazi pamwamba pa ululu. Ndipo wodwala mutu akamamwa mankhwala opha ululu pafupifupi tsiku lililonse, mankhwala omwewo amatha kuyambitsa mutu wina. Amene akhala pa ma ARV nthawi yaitali akukumbukira chizungulire ndi maloto achilendo a efavirenz, dziko lino lisanayambe kusinthira anthu ku dolutegravir mu 2019. Sindikunena kuti musiye mankhwala amene munapatsidwa ku chipatala, makamaka ma ARV. Ndikunena kuti tengani kathumba konseko mukaonetse a dokotala kapena a ku famase, n'kuwafunsa kuti mwa amenewa ndi ati amene akukuphimbani m'mutu.

Nanga munthu achite chiyani pamene mankhwala othetseratu vutoli palibe? Alamu anga anayamba ndi kuvomera kuti mutu wawo sulinso kope. Anagula kope lenileni. Ngongole iliyonse imalembedwa nthawi yomweyo kasitomala ali chiimire, osati "ndilemba madzulo." Amagulitsa munthu mmodzi pa nthawi, wachiwiri amamuuza kuti, "Dikirani pang'ono, achimwene, ndithane ndi awa." Chenje amachiwerenga mokweza, ndalama ya kasitomala ili pa benchi mpaka atamaliza. Masamu aakulu, monga kuwerengera belo ndi kukaoda, amachita m'mawa pamene mutu uli woyera. Poyamba ankachita manyazi kutulutsa kakyuleta ya pafoni pa masamu a K1,500. Tsopano amati manyazi sabweza mpamba.

Kwa ophunzira nzeru yake ndi yomweyo. Mphindi 20 zowerenga chinthu chimodzi, foni ndi wailesi zili kutali, kenaka kupuma, zimaposa maola atatu oyang'ana tsamba maso ali gwa. Mukamaliza, tsekani buku n'kulemba zimene mwatolapo, chifukwa kudzifunsa wekha kumakhomerera zinthu m'mutu kuposa kubwerezabwereza kuwerenga. Ndipo musagulitse tulo kuti mugule maola owerengera. Aphunzitsi nanu, mwana wakhama akagwa mwadzidzidzi atadwala, yambani mwafunsa za thanzi lake musanafike pa chamba ndi zibwenzi.

Pa nkhani yolimbitsa thupi pafunika kusamala, chifukwa matenda awiri aja amasiyana pamenepa. Kwa wa msana wokhalitsa ndi wa fibromyalgia, kuyenda pang'onopang'ono, kuwongola thupi ndi kuwonjezera mtunda mwa pang'ono kumathandiza, ndipo kungogona tsiku lonse kumaumitsa thupi. Kwa wa ME, kapena wotsala ndi kutopa kwa Covid amene amagwa akadzikakamiza, malangizo akuti "limbikira, uzolowera" angathe kumupweteka. Mu 2021 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linasiya kulimbikitsa njira yowonjezera masewera mokakamiza kwa odwala ME. M'malo mwake wodwala amaphunzitsidwa kudziwa malire a mphamvu zake n'kuima asanafike pomwe zathera, monga m'mene wa geni wanzeru sadyera mpamba.

Amuna awo a alamu anga, omwe ndi achimwene anga, anatenga nthawi kuti amvetse. Iwo ndi amene ankakalipa kuti, "Ndakuuzani dzulo lomweli," ndipo kukalipako kunkangowonjezera chiperoni, poti mantha nawo amafuna malo pa benchi. Masiku ano akafuna kuti china chake chigulidwe amalemba pa kapepala. Ululu sunathe. Pali masabata amene alamu amagulitsa ngati kale, ndipo pali masiku amene amatsegula benchi mochedwa n'kutseka dzuwa likadali pamutu.

Chimene chinawavuta kwambiri si msana koma ulendo wa kumudzi. Anapita okha, atanyamula shuga, sopo ndi chitenje, n'kukakhala pansi pamaso pa achemwali awo ndi mwana uja. Anafotokoza za mayi wa chenje kawiri uja. Achemwali awo anamvetsa. Mtsikanayo anangoti, "Ndamva, amayi aang'ono," maso ali pansi. Anamupempha kuti abwerere ku Limbe adzasunge kope la ngongole, iye anati aganiza kaye. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano, ndipo kope lija akusungabe okha.